Ma Estere Awiri Panjinga Imodzi

Tinanyamuka ku Lobi m'mamawa, chisanu chikuluma makutu, ine ndi msuweni wanga Estere, titapanikizana panjinga yamoto imodzi. Mnyamata woyendetsa njingayo anatchula K8,000 mpaka pa Linthipe. Estere anamuuza kuti sitikugula njingayo, mpaka anatsika pa sikisi.

Chotiyendetsa chinali ichi. Amuna anga, a Yohane, amagwira ntchito ku Botswana, ndipo ndinapempha chilolezo chokakhala nawo. A zolowa ndi kutuluka kumeneko atayang'ana mapepala anati bambowa anakwatira mkazi wina. Pasipoti yanga imati ndine Estere Kamanga, pomwe setifiketi ya ukwati imati Veronika Phiri, dzina langa laubatizo. Anatipatsa mwezi umodzi, apo ayi pempho lathu ligwe.

Sindinabe dzinali, ndinabwereka. Nditalephera kusankhidwa m'Sitandade 8, aphunzitsi ananong'oneza mayi kuti wobwereza sasankhidwa kusekondale. Estere anali atasiya sukulu kuti azidwazika mayi ake, ndiye pobwereza ndinangovala dzina lake ngati diresi ya mnzako. Linandikwana, moti linafika pachitupa mpaka papasipoti. Koma abambo mfumu, potimangitsa ukwati, anatsata kadi yaubatizo basi.

Pa Linthipe tinafika cha m'ma 8 koloko, nsidze zili mbuu ndi fumbi. Tinagula chimanga chootcha n'kukwera minibasi ya K4,000 aliyense. Ine ndinakhalira thumba la kachewere. Estere, pakamwa posatseka paja, nkhani yanga anaiyala m'galimoto monse.

"Pasipoti ndi yanga, anthuni! Wopita kwa a Yohane ndine!"

"Ndiye mupite nonse, mayi," anatero kondakitala. "Bamboyo akasankhe yekha."

Anthu anafa nazo kuseka. Inenso ndinaseka.

Pa Boma, ku ofesi ya bwana wolumbiritsa, tinadikira pabenchi mpaka dzuwa pamutu, tikutolatola tchipisi cha pachiwaya. Kalaliki ataitana kuti, "Estere Kamanga!" tinaimirira tonse awiri. Bwana wolumbiritsa anavula magalasi.

"Estere weniweni ndi uti pamenepa?"

"Wobadwa nalo ndine," anayankha msuweni wanga. "Uyu ndi wa lendi."

Nditafotokoza, bwanayo anangopukusa mutu. "Simuli oyamba, mayi. Sitandade 8 inabatiza anthu ambiri kuposa abambo mfumu." Anati ndilumbire kuti Veronika ndi Estere wa papasipoti ndi munthu mmodzi, msuweni wanga aikire umboni. Kenako anafunsa dzina limene ndikufuna kukhala nalo.

Ndinali nditakonzeka kale. "Veronika, bwana. Linalo ndikubweza kwa mwini wake."

Estere anandigwira pamkono. Sankasekanso.

"Ubweze kuti nditani nalo? Kumudzi onse amangoti make Chisomo. Ine ndinatsala, koma dzina langa linafika Folomu 4. Lisiye likaonekonso kunja."

Anatenga cholembera n'kusaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, ngati mwana wa sukulu. Ndinachita manyazi kwambiri. Zaka zonsezi ndinkaliwerengera dzinalo ngati chopinga changa, ndipo sindinamufunsepo n'kamodzi komwe mwini wake kuti ankamva bwanji likamaitanidwa pamndandanda wa okhoza, iye ali kudimba.

Chidindo chitamenyedwa, tinatuluka. Podikira minibasi ndinayesa kumuthokoza, koma anandidula.

"Usandilirire pamsewu, iwe," anatero. "Ukakafika ukandijambulire chikwangwani cha kumeneko, ndidziwe komwe ndafika."