Dzina la Amayi pa Laputopu ya Amalume

Laputopu ya amalume inali yomanga ndi mphira kuti batire lisagwe, ndipo inkatentha ntchafu ngati mbaula. Amalumewo ankathandiza madalaivala kuolotsa katundu pa boda ya Mchinji. Nditangolemba mayeso a Sitandade 8 anadzanditenga kwathu ku Mlonyeni kuti akandiphunzitse kulemba mapulogalamu a kompyuta. Amayi anavomera monyinyirika. Anati adzabwera kudzaona okha, ndipo akadzapeza kuti ndi masewera, ndibwerera kukasoka fodya basi.

Kaphunzitsidwe ka amalume, ngakhale lero ndikakakumbukira mtima umandiwawa. Ankandisiya m'kaofesi konunkha dizilo atandipatsa ntchito: pulogalamu yoti ukaiitana pa chiwindo chakuda cholembapo malamulo a kompyuta, n'kulemba dzina la munthu kutsogolo kwake, imupatse moni kasanu. Moniwo ukhale m'fankishoni yakeyake, kagawo kapadera ka pulogalamu, ndipo gawo lina lotchedwa lupu lizingoiitana mobwereza. Ndikafunsa pamene ndalakwitsa, yankho linali limodzi: "Werenga zimene yakuuza." Yandiuza chiyani, chizungu chofiira chokhachokha? Iwo uyo kukathamangitsana ndi mathiraki, ine n'kutsala ndikutukwana makina chamumtima. Kampata kamodzi kakasowa, pulogalamu yonse yakana. Magetsi akazima, batire lija silinkachedwa kufa, zimene sindinasunge n'kupita nazo. Ndinalira kangapo konse.

Tsiku limene amayi anabwera, anakhala pampando wa makasitomala, chitenje chili fumbi lokhalokha la pa kabaza. Amalume anati, "Lemba dzina la amayi akowa, aone."

Mwana wa kwathu satchula dzina la amake, ndipo kunena zoona sindinkalidziwa n'komwe. Kwa ife anali amayi, kwa anzawo ankaitanidwa ndi dzina la mkulu wanga. Ndinangodina batani popanda dzina. Pulogalamu inakana, zofiira zili mbwee. Fungo la fodya ndinayamba kulimva pomwepo.

"Makinawa sadziwa ulemu," anatero amalume akuseka. "Akufuna dzina."

Amayi anayang'ana kaye kukhomo, kenako anatchula dzina lawo la paubwana motsitsa mawu. Ndinalilemba thukuta lili kamukamu. Moni unatuluka ndi dzinalo, koma sunaime pa kasanu. M'mawa womwewo ndinali nditakonzakonza lupu ija mpaka kufufuta mzere wowerengera, ndiye dzina linangotsika, kutsika, osaleka. Ndinapsa mtima koopsa. Kuvutika konse kuja, n'kudzandichititsa manyazi lero! Ndinatambasula dzanja kuti ndiimitse.

Amayi anandigwira pamkono. "Taleka iwe."

Anayandikitsa nkhope, chala chikutsata zilembo pagalasi, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Kunja dalaivala wina ankaitana amalume mokuwa. Kenako amayi anadzuka, namanganso chitenje chawo. "Achimwene, mwanayu akhale. Fodya tisoka tokha."

Ine mkwiyo sunandichoke mpaka madzulo. Ndinkati andilola kukhala chifukwa sanazindikire kuti pulogalamu yalakwika, ndipo ndinadandaulira amalume kuti akanangondipatsa mpata ndikanakonza, amayi akanaona zenizeni. Sindinkadziwa kuti amayi anatulutsidwa sukulu ali Sitandade 2 kuti azikasoka fodya, ndi kuti mawu okhawo amene ankathabe kuwerenga anali dzina lija, limene panalibenso wowaitana nalo.