Chuku mu mtedza wa amalume

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro a za labotale ndinaipeza kwathu konkuno, pa Lisungwi. Bungwe lina linabwera ndi pulojekiti yogula mtedza kwa makalabu a alimi kuti uzitumizidwa kunja, ndipo linachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa magolosale. Chipinda chimodzi chinali ofesi ya abwana, chinacho ndiye labotale yanga. Amayi kumudzi ku Midzemba anakondwa kwabasi. Ankauza aliyense kutchalitchi kuti mwana wawo ndi dokotala wa mtedza.

Chimene ndinkafufuza ndi poizoni wa chuku. Chukucho chimaoneka ndi maso, koma poizoni amene chimasiya mu mtedza saoneka, sanunkha, ndipo ngakhale ukazinge bwanji sachoka. Kuti umuyeze, uyenera kuyamba wamutulutsa mu mtedzamo, ndipo imeneyo ndiyo inali ntchito yeniyeni. Ndinkatapa mtedza pamwamba, pakati ndi pansi pa matumba, kuusakaniza, n'kuugaya mpaka usanduke nsinjiro yosalala. Kenako ndinkayeza pang'ono pa sikelo, kuthira m'botolo, n'kuwonjezeramo metanolo wosakaniza ndi madzi. Metanoloyo amanunkha ngati kachasu koma munthu atamwa akhoza kuchita khungu. Ndiye amakoka poizoni kuchoka mu nsinjiro. Botololo limafunika kulikhutchumula nthawi yaitali. Makina okhutchumulira analipo, koma magetsi akazima ndinkachita ndi manja mpaka phewa kuwawa. Ukatero umasefa ndi pepala losefera, madzi achikasu n'kumadontha pang'onopang'ono m'kapu yagalasi. Madontho ochepa a madzi amenewo ndiwo ankapita pa kachipangizo koyezera.

Ndinkaikonda ntchitoyo, ndipo ndinkaiopanso. Ukachita ulesi pokhutchumula, poizoni amatsalira m'zinyalala za pa pepala, mtedza woipa n'kuoneka ngati wabwino.

Chaka chachiwiri kalabu ya kwathu inalowa nawo mu pulojekiti. Mmodzi mwa alimi ake anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anandilera bambo atamwalira. Anali munthu wolimbikira kumunda, wokonda kuseka, ndipo chaka chimenecho anali atachepetsa chimanga kuti alime mtedza wambiri. Tsiku lobweretsa matumba analowa mu labotale atavula chipewa, n'kuyang'anayang'ana mabotolo.

"Mphwanga, eti kuno ndiye kumene ukuphikira mankhwala?" anaseka. Kenako anatsitsa mawu. "Ukamatapa wanga, utape pamwamba. Wapansiwo unanyowako pang'ono."

"Unanyowa bwanji, amalume?"

"Azakhali ako ankawaza madzi poswa. Makoko anali ouma gwa, zala mpaka kutuluka magazi. Aliyense amatero."

Ankanena zoona, aliyense amatero. Ine ndemwe ndili mwana ndinkawaza nawo madzi pa mulu wa mtedza kuti makoko afewe. Koma mtedza wolowa m'thumba uli wonyowa ndiwo umachita chuku.

"Amalume, ndimatapa paliponse. Ndikatapa pamwamba pokha, akakauyezanso kunjako adzabweza katundu wa kalabu yonse."

Anavala chipewa chawo. "Chabwino, dokotala," anatero, n'kutuluka.

Ndinagaya, ndinayeza, ndinakhutchumula monga mwa masiku onse. Madzi akudontha m'kapu ndinkapemphera mumtima. Poizoni anapezeka wochuluka kupitirira kwambiri mlingo wololedwa. Ndinatsuka zonse, ndinasintha magolovesi, n'kutapanso mtedza wina kuti mwina ndalakwitsa penapake. Zinatuluka chimodzimodzi. Matumba a amalume anabwezedwa, pamodzi ndi a alimi ena angapo.

Madzulo ake ndinagogoda ku ofesi ya abwana. Anali munthu wa mu tauni, waulemu, wosakalipa.

"Bwana, kodi mtedza umene tikubwezawu ukupita kuti?"

"Kwa eni ake."

"Nanga eni akewo akuutani?"

Anandiyang'ana ngati ndawafunsa za maliro a munthu amene sakumudziwa. "Imeneyo si nkhani yathu, achimwene. Ogula akufuna mtedza woyera. Ife tikawapatsa woyera, ntchito yathu yatha basi."

Ndinapempha kuti mwina tsiku limodzi pa sabata ndiziyeza nsinjiro ya pamsika ndi ufa wa m'makomo, kuti anthu adziwe chimene akudya. Anati zipangizo zoyezera zinabwera za mtedza wopita kunja wokha, ndipo sangafotokozere eni pulojekiti kuti zapita kuti.

Kumapeto kwa sabata ndinakwera minibasi, kenako kabaza, kupita ku Midzemba. Ndinapeza mchemwali wanga akumwetsa mwana wake phala lothira nsinjiro. Mwanayo anali atangoyamba kumene kuyenda, ndipo ankamwa mosangalala, phala lili mbuu kukamwa konse.

"Achemwali, nsinjiroyi ndi ya mtedza uti?"

"Wa amalume. Agawira abale onse. Akuti poti azungu aukana, tidye tokha."

Ndinalanda kapu ija. Mwana analira. Amayi anatulukira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawafotokozera zonse: kuti poizoniyo amawononga chiwindi pang'onopang'ono, kuti amapinimbiritsa ana. Anandimvera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndiye titaye?" anafunsa. "Iwe wakana kuti agulitse, lero ukukananso kuti tidye. M'ndiwo tithiremo chiyani? Mafuta ophikira uzitibweretsera ndiwe?"

Ndinakhala pamphasa ndi lichero n'kuyamba kusankha, kutaya wofota, wobooka ndi wakuda. Kusankha kumachepetsa poizoni, koma sikumuchotsa yense, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangochoka umene ndataya kudzala wina autola. M'mudzi monse zinali choncho. Mtedza wabwino unkakwera lole. Umene ine ndaupeza ndi poizoni ndiwo unkabwerera pa njinga kukalowa m'mtondo. Ndisanabwere ine, woipa ndi wabwino unkasakanikirana. Manja anga ndiwo anaupatula bwinobwino, wabwino kwa alendo, woipa kwa ana a abale anga.

Amalume sanandikalipire. Akanatero bwenzi zili bwino. Ndikawapatsa moni ankangoti "tili bwino," maso ali kwina. A kalabu ankanena kuti ndikudzigulira mbiri kwa mabwana, ena ankati ndimathira dala mankhwala m'botolo kuti mtedza wa kwathu uoneke woipa, chifukwa cha nsanje. Ndinapita ku msonkhano wawo kukawaonetsa kuumitsa bwino ndi kuswa osawaza madzi. Ena anamvera. Ambiri anafunsa ngati ndidzabwere kudzawaswera ndi zala zanga zofewazo.

Pulojekiti itatha kunali mwambo pabwalo, ndi zakumwa ndi magule. Mlendo wolemekezeka ananena kuti m'zaka zonsezo palibe thumba limodzi loipa limene linadutsa malire a dziko, anthu n'kuwomba m'manja. Sananame. M'mawa mwake galimoto inanyamula sikelo, makina ogayira, makina okhutchumulira ndi mabotolo onse. Chipinda chija pano ndi saluni. Ine ndinalowa ntchito mu shopu yogulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo ndikadali momwemo.

Patapita zaka amalume anayamba kudwala. Anaonda, mimba inatupa, maso anachita chikasu. Kuchipatala anati ndi chiwindi. Ndinkapita kukawaona, ndipo pofika nthawi imeneyo tinkacheza ndithu, za mvula, za mitengo ya feteleza, koma za mtedza sitinakambepo. Anamwalira nthawi yokolola.

Titabwera kumanda, azakhali anandikokera pambali. Maso awo anali otupa.

"Iwe unaphunzira, tandiuza zoona. Kodi ndi chuku chija? Ndine ndinkawaza madzi."

Ndinawauza kuti chiwindi chimawonongeka ndi zinthu zambiri, kuti amalume ankamwako mowa, kuti pali matenda ena amene amachita chimodzimodzi. Zonsezo ndi zoona. Anandigwirabe mkono.

"Koma iweyo ukuona bwanji?"

"Sindikudziwa, azakhali," ndinatero. "Palibe anayezapo chimene ife timadya."

Anandisiya n'kubwerera kwa amayi anzawo amene ankalira m'nyumba, ine ndinakathandiza amuna kubweza mabenchi kutchalitchi.