Kandevu ka Chimanga m'Kope Langa

Chaka chomaliza cha sekondale ndinkakhala kwa azakhali m'tauni ya Milange, poti kwathu ku Majaua n'kutali. Azakhali ankagulitsa nyemba. Masiku ambiri ankawoloka malire kupita ku Muloza, koma Lachiwiri ndi Loweruka ankakhala pakhomo n'kumapeta ndi kusankha nyemba zawo. Lamulo lawo linali limodzi: mlendo asalowe m'nyumba iwo kulibe.

Ine sindinkalankhula kwenikweni. Zimene pakamwa pankakana ndinkazilemba m'kope la chikuto chobiriwira, n'kulibisa m'sutikesi pansi pa zitenje.

Tsiku lina ndinalipeza litagona chozondoka. Ndinaima nalo m'manja. M'menemo munali zonse: kusowa amayi kwanga, mantha a mayeso, ngakhale za mnyamata wina wa m'kwaya amene sindinalankhule naye n'kamodzi komwe. Kuyambira tsikulo ndinkaika kandevu ka chimanga pansi pa chikuto m'mawa uliwonse. Munthu akatsekula, kandevuko kagwa.

Ndinali ndi mnzanga mmodzi yekha, wa pa benchi imodzi, wamsangala, wodziwa masamu. Ankabwera kwathu masana Lachiwiri ndi Loweruka kuti tikonzekere mayeso a boma. Akafika ankalowa kuchipinda kwanga kukasiya chikwama, ine ndikutunga madzi akumwa. Nthawi imeneyo tinali pa mutu wa probabilidade, kuyeza mwayi woti chinthu chichitike. Aphunzitsi ankabwera ndi kathumba ka nyemba, zofiira zisanu ndi zoyera zitatu. Ukatola yofiira osaibwezera, mwayi wotolanso yofiira ndi wotani? Ine ndinkayankha zisanu mwa zisanu ndi zitatu, kuiwala kuti imodzi yatuluka kale.

"Amwali, nyemba ili m'manja mwako ukuiwerengabe ngati ili m'thumba?" ankatero mnzangayo akuseka. "Zinayi mwa zisanu ndi ziwiri. Ukamva mawu oti sabendo que, podziwa kuti, dziwa kuti thumba lachepa."

Mutu umenewu unandilowa m'njira yoipa. Ndinajambula mizere kumapeto kwa kope n'kuyamba kuwerenga masiku. Patatha milungu inayi, mnzangayo anali atabwera kasanu ndi katatu, ndipo kandevu kanagwa kasanu ndi kamodzi. Masiku amene sanabwere sikanagwe n'kamodzi komwe. Ndinalemba ngati m'kalasi: podziwa kuti iye wabwera, mwayi woti kope litsekulidwe ndi zitatu mwa zinayi. Ndinatseka mzere pansi pake kawiri.

Zitatero, chilichonse chimene ankachita chinkandionekera chachilendo. Akaseka ndinkati akuseka zimene wawerenga. Tsiku lina tikudutsa pa tchalitchi anayamba kung'ung'uza nyimbo ya kwaya, ine n'kuganiza kuti wawerenga za mnyamata uja. Sindinamufunse. Ndinangomuuza kuti azakhali sakufunanso alendo, lomwe linali bodza, ndipo m'kalasi ndinasendera kumapeto kwa benchi.

"Kodi iwe, ndinadya nkhuku ya kwanu?" anandifunsa tsiku lachitatu.

"Ayi."

"Nanga wameza lilime?"

Ndinayang'ana pa bolodi. Sanafunsenso.

Kandevu ndinasiya kuika, poti ndinkati wakuba ndamupeza. Koma masamu ndekha ankandikanika. Pa mayeso oyeserera ndinalakwa mafunso onse a nyemba, ndipo a boma anali atatsala milungu iwiri. Pobweza mapepala, aphunzitsi anakhuthulira kathumba kawo patebulo.

"Ambiri a inu mumathamangira nyemba imene mukuifuna," anatero. "Mukauzidwa podziwa kuti, musayambe mwayankha. Yambani mwawerenga zonse zimene zatsala m'thumba. Zonse, ngakhale zimene simukuzifuna."

Pobwerera kunyumba ndinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, njinga za matumba zikundipitirira. Podziwa kuti ndi Lachiwiri kapena Loweruka, pakhomo pamatsala ndani? Mnzanga. Komanso azakhali. Mnzangayo ankabwera masiku okhawo chifukwa ndiwo masiku amene azakhali ankakhala pakhomo. M'thumba munali nyemba ziwiri, ine ndinawerenga imodzi. Azakhali sindinawaganizirepo chifukwa Chipwitikizi cha kusukulu kwathu sawerenga. Koma kope langa linali la Chinyanja, ndipo Lamulungu lililonse ndinkawaona atagwira buku la nyimbo za Chinyanja, chala chikuyenda pa mizere.

Sindinafune kulakwiranso munthu wachiwiri popanda umboni. Lachiwiri m'mawa ndinalemba bodza m'kope: "Aphunzitsi akuti Lachitatu aliyense abwere ndi nyemba zofiira zisanu ndi zoyera zitatu. Ndikuopa kupempha azakhali." Ndinaika kandevu, n'kupita kusukulu. Mnzanga sanafike pakhomopo tsikulo, ngati masiku ena onse a milungu itatu chimuuzireni bodza la alendo lija.

Lachitatu m'mawa, pamwamba pa mabuku anga panali kansanza komanga mfundo. Ndinamasula. Zofiira zisanu, zoyera zitatu, zosankhidwa bwino, zopanda anankafumbwe. Azakhali anali panja akumanga thumba pa njinga.

"Mwana iwe, fulumira, uchedwa," anatero osacheuka. Kenako anawonjeza motsitsa mawu: "Pakhomo pano ukafuna kanthu uzinena. Amako anandipatsa mwana, sanandipatse mwala."

Ndinakwiya, ndinachita manyazi, komanso ndinawamvera chisoni, zonse pamodzi. Ndinaika kansanzako m'chikwama n'kunyamuka.

M'kalasi ndinaika kansanzako pakati pa benchi n'kukakankhira kwa mnzanga.

"Izi n'za ndiwo?" anafunsa.

Ndinamuuza zonse monong'ona, maso ali pansi: za kope, za kandevu, za mizere ija ya zitatu mwa zinayi. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke.

"Ine kuwerenga kope lako? Zilembo zako zija zokhala ngati nyerere zothiridwa madzi?" Anatola nyemba yoyera n'kuizunguza pa chala. "Milungu itatu, amwali. Ukanangondifunsa."

"Ndinkaopa."

"Unkaopa kufunsa, koma kundiyesa wakuba sunaope."

Aphunzitsi analowa, tinaimirira. Titakhala pansi, mnzanga anabwezera nyembayo pa kansanza, n'kutola yofiira, n'kuibisa m'chikhatho.

"Zatsala zingati?" ananong'ona.

"Zisanu ndi ziwiri."

"Zofiira?"

"Zinayi."

Loweruka mnzanga anabweranso kwathu. Anapereka moni kwa azakhali atagwada, monga kale, ndipo tinawerenga pakhonde mpaka azakhali atamaliza kupeta. Mafunso a nyemba pa mayeso a boma ndinawakhoza. Koma chikwama chake ankachisiya pakhonde pomwepo, pafupi ndi mapazi ake. Ndinamuuza kawiri kuti akasiye kuchipinda. Kawiri konse anati pano pali bwino, ndipo mpaka tinamaliza sukulu sanalowemonso.