Theka la Mutu

Ndinafika ku Chinsapo nditangolemba mayeso a Fomu 4 kwathu ku Ntchisi. Azakhali anga, amene ndinkakhala pakhomo pawo, anandipezera malo pa saluni ina pafupi ndi msika. Mwini wake anali mayi wa ku Thyolo amene tonse tinkawatchula kuti madamu. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti oyesedwa tilipo awiri, ine ndi mtsikana wina wa ku Biwi, ndipo pofika Loweruka adzatsala mmodzi. Azakhali nawo anali atanena kale kuti ndikalephera pamenepo ndibwerera kumudzi, chifukwa nyumba yawo inali yodzaza.

Kuluka ndinkadziwa kuyambira ndili wamng'ono. Chimene sindinkadziwa ndi nkhani ya bolodi. Panja pa khomo panali bolodi yolembedwa mitengo ndi penti yofiira, yotsika kuposa masaluni onse a mumsewu umenewo. Koma mtengo wa pamenepo unali wa manja okha. Kumasula zakale kunali ndi mtengo wake, kutsuka wake, kuumitsa wake. Meshi, mafuta, jelo wa m'mphepete, madzi otentha oviikamo nsonga, chilichonse pachokha. Magetsi akathima pankawonjezereka ya jenereta. Lamulo la madamu linali lakuti tizifunsa kasitomala chinthu chilichonse kuti avomere ndi pakamwa pake, koma mtengo osautchula ngati iye sanafunse.

Mnzanga wa ku Biwi akafunsa, anthu ankamubweza msanga kuti ndi zingati. Ine ndikafunsa ndi mawu anga apansi, nditapinda bondo pang'ono monga anatiphunzitsira kwathu, ankangovomera. Pofika Lachitatu madamu anali ataona zimenezi. Ankauza anzawo akuseka kuti atola kamwana ka kwaya kamene munthu sangakakanire. Ine ndinkagona wokondwa kuti andiyamikira.

Loweruka m'mamawa, titangotsegula, kunabwera mayi wina wachikulire wogulitsa masamba pamsika. Anaima kanthawi pa bolodi akulondola mizere ndi chala, kenako analowa atavula masilipasi pakhomo, ngakhale palibe amene ankavula. Anati masana a tsiku lomwelo kuli chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi ku Likuni, ndipo chibadwire sanalukitsepo pa saluni, ana ndiwo awakakamiza. Atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kwathu. Zinapezeka kuti iwo ndi a ku Dowa, kufupi ndi malire athu, ndipo kuyambira pamenepo ankanditchula kuti mwana wa kwathu.

Ndinawafunsa ngati ndingawatsuke kaye m'mutu. Anathokoza, nati ngati sizindivutitsa. Ndinafunsa za mafuta, anati wodziwa ndine. Kwathu munthu akakupatsa madzi osamba kapena mafuta odzola sukana, ndipo sufunsa mtengo, kutero n'kumunyoza. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mayiwo akuyesa ndikuwachereza monga mlendo. Kamodzi ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma m'galasi maso anga anakumana ndi a madamu, ndipo ndinangofunsa ngati angakonde meshi yofewa, yosalemetsa khosi. Anavomera. Magetsi atathima n'kulira jenereta, iwo anayamikira kuti pano ndi pa dongosolo.

Ndinaluka mpaka dzuwa litakwera. Anandisimbira za mkamwini wawo, wokonza njinga zamoto, amene sayang'ana apongozi m'maso. Anatulutsa nthochi ziwiri m'kajumbo, imodzi n'kundipatsa. Ndinadya.

Madamu ankatchula ndalama yonse tisanaviike nsonga m'madzi otentha. Anabwera, nazungulira mutuwo, n'kutchula. Inali yoposa kuwirikiza ya pa bolodi. Mayiwo anaseka kaye poganiza kuti akuwasereula. Ataona kuti palibe wina akuseka, anatulutsa zimene anabwera nazo, ya pa bolodi ndendende ndi ya minibasi. Anapempha kuti yotsalayo adzabweretse akagulitsa masamba, poti benchi lawo lili pomwepa, aliyense amawadziwa.

"Mwavomera nokha chilichonse, mayi," anatero madamu, kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, unawakakamiza?"

"Ayi, madamu."

"Ndiye ndalama yawoyi yathera pakati pa mutu. Masula mbali iyo, meshi yanga ibwerere."

Pabenchi panali makasitomala awiri odikira. Wina anaweramira pa foni. Winayo anauza mnzake, mokweza ndithu, kuti masiku ano agogo akufuna kutchena ndi ndalama ya mpiru.

Mayiwo anandiyang'ana m'galasi.

"Mwana wa kwathu, bwanji sunandinong'oneze?"

Ndinayambira ku khutu la kumanzere. Sanalimbane nane. Anapendeketsa mutu okha kuti ndifikire bwino, monga ankachitira ndikuluka. Ndinali nditamanga zolimba kuti madamu aone ntchito yanga, ndiye pomasula imvi zina zinkathothoka n'kutsalira mu meshi. Pena ankatsinzina ululu ukawalowa, koma sanadandaule. Madamu anaima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno, ndipo nditafika pakati penipeni anati basi.

Mbali imodzi inali yolukidwa bwino mpaka m'mapewa, inayo tsitsi lalifupi lili nyankhalala. Mayiwo anadziona m'galasi kanthawi, kenako anapempha mwaulemu kuti ndingomasula konse, mutu ufanane. Madamu anawakumbutsa kuti kumasula kuli ndi mtengo wake.

Anamanga duku limene anabwera nalo, koma linatumphuka mbali imodzi, ndipo meshi inkasuzumira kunsi. Anayesa kawiri kulikonza, analephera. Anavala masilipasi pakhomo, natitsanzika tonse kuti titsale bwino. Nthawi yoti akafike ku Likuni inali itayandikira, yomasula kunyumba inalibepo.

Madzulo madamu anauza mnzanga wa ku Biwi kuti asadzabwerenso. Ine anandiuza kuti Lolemba ndifike sikisi koloko, ndipo anandipatsa kiyi wa chitseko chakumbuyo. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinagwada n'kuthokoza. Ndisanaweruke anandiponyera meshi imene ndinamasula kuti ndiipese, ndichotsemo imvi zonse, ndiibwezere m'pepala lake ioneke yatsopano. Ndinakhala pakhomo pamene pankawala bwino, ndipo ndinazitola mosamala, imodziimodzi, osasiyamo ngakhale imodzi.