Thabwa la a Nyundo

Amuna anga anthu amawatcha a Nyundo, poti ntchito yawo ndi yowongola magalimoto ophwanyika. Koma dzinali linawakhala bwino chifukwa cha ng'oma. Bandi yawo inali ya anthu awiri basi: iwo pa ng'oma, mng'ono wawo, mlamu wangayo, pa gitala ndi kuimba. Ankayeserera m'galaja mwathu, pakati pa matayala akutha ndi zitini za penti. Ee, phokoso lakelo! Gitala kukuwa ngati chitsulo chikudulidwa, malata kunjenjemera, makapu anga kuvina okha m'kabati. Odutsa ankasuzumira n'kufunsa kuti oimba enawo abisala kuti.

M'mawa kukhoma zitsulo, masana onse kukhoma zitsulo, akaweruka ng'oma. Makutu awo anatha. Ndikamayankhula amangondiyang'ana pakamwa. Koma bambowa sagonja. Anapeza thabwa lalitali, mbali ina n'kusanjikapo sipika ya gitala, mbali inayo n'kupondapo ndi phazi lamanzere lopanda nsapato. Gitala ankaimvera kuphazi, ndipo sankaphonya. Odziwa zimenezi tinali ife atatu.

Loweruka lina masana anaitanidwa kukaimba muholo yaikulu. Mkulu woyang'anira zokuzira mawu ataona thabwalo anati, "Chotsani nkhunizi, muno sitisonkha moto." Ananyamula sipika ija n'kuikweza pa chitsulo chake.

A Nyundo anayang'ana mng'ono wawo. Mlamu maso pansi, kalikiliki kukunga zingwe zokungidwa kale. Kungotsegula pakamwa kukanakwana. Koma anachita manyazi kunena pagulu kuti mkulu wake samva.

Nyimbo itayamba, gitala uku, ng'oma uko. Anthu anayamba kugundana zigongono. Nyimbo inatha, mlamu anasiya, koma a Nyundo anapitiriza okha, maso ali tsinzi, thukuta kamukamu, akumenya ndi mtima wonse. Holo yonse inafa nacho chiseko. Iwo potsegula maso anamwetulira, poganiza kuti anthu akondwa. Ine pamene ndinakhalapo ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Patapita masiku mlamu anabwera kudzatenga sipika yake, atatchera nthawi yoti amuna anga ali kuntchito.

"Alamu, musandimve molakwa," anatero, "akuluwa akufunika kupuma."

Kupuma! Munthu amene anakubereka kumsana uli ndi mamina mbwee! Pano akuimba ndi mnyamata wina wa makutu abwino, ndipo akuti zikuyenda. Ziyende. Ine ndimadana naye, sindibisa.

Koma a Nyundo sanena choipa chilichonse cha iye. Akaweruka amalowa m'galaja, kuvula nsapato yakumanzere, kuponda thabwa lija, ndodo zili m'manja. Thabwalo lili zii. Amakhala choncho mpaka ndikawagwire paphewa kuti chakudya chapsa.

Dzulo nditawagwira anatembenuka msangamsanga, nkhope itawala. Ataona kuti ndine anafunsa, "Mayi, mwana uja sanabwere? Mwinatu anagogoda ine osamva."

Ndinangopukusa mutu.