Birika la Kuseri kwa Khothi

Pakhothi la kwa Kalembo pali mkulu wina amene sajomba tsiku la milandu, ngakhale salembedwa ntchito pamenepo. Amafika ndi birika, ketulo ya madzi, ndipo anyamata a Yufi, amene amafunsa aliyense khadi la chipani, mkuluyu sawafunsa, amangowapatsa moni.

Mboni yachisilamu isanagwire Kurani kuti ilumbire, mkuluyu amapita nayo kuseri kukapanga udhu. Amaithirira madzi, iyo n'kumasamba m'manja, kumaso ndi mapazi. “Buku la Mulungu saligwira ndi fumbi la m'njira,” amatero. Chimandidabwitsa ine n'chakuti ena amabwerako msanga, ena amachedwako zedi.

Mwezi watha Laisi, mwana wa mlongo wa mkuluyu, adabwera kudzachitira umboni mnzake amene ankalanda munda wa mayi wamasiye, Kulusumu. Mudzi wonse unkadziwa kuti Laisi wabwera kudzanama. Adapita kuseri, ndipo adakhalitsako mpaka woweruza adayamba kung'ung'udza.

Atabwerako, madzi akudontha m'ndevu, adagwira Kurani n'kunena kuti, “Malire ndi mtengo wa bwemba. Mundawo ndi wa mayiwa.” Mnzake uja adangoti kukamwa yasa.

Milandu itatha ndidawatsata mkuluwo. “Kodi munamuuza zotani kuseri kuja?”

“Iyayi, ine sindilankhula ndi mboni, boma limaletsa,” adayankha akukhuthula madzi otsala. “Kungoti munthu ndikamuona manja akunjenjemera, madzi ndimathira pang'onopang'ono.”