Mitanda ya Pinki

Kuwekishopu kwathu ku Railways timanyika zitsulo za aluminiyamu mu utoto. Chitsulo chikatuluka mu utoto, umachiponya m'madzi owira kale kuti mtundu ugwire.

Amayi a kwaya ya ku Ngungu anatiuza tiwapangire mitanda yofiira yovala m'khosi. Ine nditalakalaka tiyi, ndinatungako madzi owirawo n'kubwezeramo ozizira. Utoto unasukuluka, mitanda yonse n'kutuluka yapinki.

Amayi Phiri, wapampando wawo, anautembenuza umodzi m'manja. "A Zulu, si tinati yofiira?"

"Amayi, uwu ndi mtundu watsopano wochokera ku Roma," ndinatero maso ali gwa.

Anailandira ndi manja awiri, atagwada. Mpaka lero tchimoli sindinakalape, chifukwa ansembe oti ndikawauzewo nawonso amavala wawo.